Mfuti zotchipa za ku Academy: kodi ine wa green card andigulitsa, nanga zipolopolo ndigule ziti?

Funso: Ndimakhala ku Katy kufupi ndi Houston, ndili ndi green card. Anzanga akuntchito akundiitana kuti September ikubwerayi tikasake njiwa, kenako agwape kumapeto kwa chaka. Ku Academy ndaonako mfuti zina zotsika mtengo zedi, kodi ndi zenizeni kapena ndi zinyalala? Nanga ine wosakhala nzika andigulitsa? Zipolopolo ndigule ziti poti mabokosi ake ndi ambirimbiri? Komanso msuweni wanga ali pa viza ya sukulu akuti ndimugulireko andibwezera ndalama, ndipo malume kumudzi nguluwe zawathera chimanga, akuti ndikamabwera December ndiwatengereko zipolopolo.

Yankho: Achimwene, ndiyamba ndi ziwiri zomalizazo chifukwa ndi zimene zingakutayitseni mapepala amene mwavutikira. Msuweni musamugulire. Malume musawatengere olo chipolopolo chimodzi. Zifukwa zake ndifotokoza bwinobwino pansipa. Zinazo sizovuta, mfuti akugulitsani, ndipo zotchipazo si zinyalala ayi.

Academy inayamba mu 1938 ku San Antonio ngati shopu ya matayala, kenako anayamba kugulitsa katundu wotsala wa asilikali, lero likulu lawo lili ku Katy komweko kumene mukukhala. Ndi gulu limodzi ndi Dunham's ya kumtunda ku Michigan ndi Indiana kapena Big 5 ya ku California uko, mashopu a nsapato zothamangira, mipira, mbedza ndi matenti, kenako kumapeto kwenikweni kwa shopu n'kupeza kauntala ya mfuti. Mtengo umatsika chifukwa amaoda katundu wambiri pakamodzi, basi. Mossberg ya ku Academy ndi Mossberg ya mu shopu yodula ya alenje zachokera fakitale imodzi, nambala ya modelo ikafanana ndiye kuti ndi chinthu chimodzi. Kusiyana kumene mungaone n'koti mashopu amenewa amakonda kusunga mitundu yosakongoletsa, thako la pulasitiki, utoto wakuda wosawala, imawomba chimodzimodzi koma ndi chinyezi cha ku Houston dzimbiri siichedwa kugwira ngati simuipukuta ndi kansalu ka mafuta mukabwerako kutchire.

Chimene mumaluza pogula motchipa ndi malangizo. Munthu wa pa kauntala mwina ndi mlenje wa zaka zambiri, mwinanso sabata yatha anali ku mbali ya nsapato, ndipo simungadziwe pongomuyang'ana. Wokonza mfuti mulibe, ikavuta akuuzani kuti muitumize kwa opanga. Ndipo mfuti ndi zipolopolo mukatuluka nazo pakhomo sizibwezedwa, kaya munalakwitsa saizi kaya mwangosintha maganizo. Ndiye muzipita mukudziwa kale chimene mukufuna, kukafunsa nzeru pa kauntala Loweruka masana anthu ali pamzere kumbuyo kwanu, mutuluka ndi chimene chili pa sale osati chimene chikukuyenerani. Ena akuuzani za Walmart, koma kumeneko anachepetsa kwambiri, mu 2018 anakweza zaka zogulira kufika 21, ndipo mu 2019 anthu ataphedwa mu shopu yawo ya ku El Paso anasiya kugulitsa zipolopolo za pisitolo ndi za mfuti zija za mtundu wa AR-15. Dick's nayo inasiya kugulitsa mfuti za mtundu umenewo mu 2018 ana asukulu atawomberedwa pa sukulu ya ku Parkland, kenako n'kumachotsa mbali ya ulenje mu mashopu ake ambiri. Nde kuno ku Texas munthu wofuna zotchipa amathera ku Academy komweko.

Tsopano za green card yanu. Lamulo la boma lalikulu limalola munthu wa green card kugula mfuti chimodzimodzi ndi nzika, zaka 18 pa shotgun ndi rifle, 21 pa pisitolo, zimenezi zinachokera mu Gun Control Act ya 1968. Akuluakulu amene anabwera kale angakuuzeni zoti mupite ndi mabilu osonyeza kuti mwakhala mu state masiku 90, zinalipodi koma anazichotsa mu 2012. Mutenge laisensi ya galimoto ya Texas ndi green card yeniyeniyo, osati chithunzi cha mufoni. Laisensiyo isonyeze adilesi imene mukukhala panopa, ndikutsindika chifukwa ife timasamukasamuka, laisensi n'kumasonyezabe kwa mnzathu amene anatisunga titangofika, ndipo akangoona kuti adilesi imene mwalemba ikusiyana ndi ya pa laisensi akufunani pepala lina la boma monga la kaundula wa galimoto, lizi ya nyumba kapena bilu ya intaneti sizigwira ntchito chifukwa si za boma.

Kenako akupatsani fomu yotchedwa ATF Form 4473, nthawi zambiri pa kompyuta. Apa ndiye pagona nkhani yonse kwa ife obwera, musathamange. Fomuyo imafunsa dziko limene ndinu nzika, mulembe Malawi, ndipo muike nambala ya A ija ili pa green card. Musayerekeze kuchonga United States poganiza kuti zifulumira, kunena kuti ndinu nzika pa pepala la boma pamene simuli ndi limodzi mwa mabodza amene a immigration sakhululuka, tsiku lofunsira unzika zidzakutsatani ndipo zikhoza kukudipotetsani. Pali funso lina limene limasokoneza anthu, loti kodi munalowa m'dziko muno pa viza ya osakhalitsa. Ambiri a ife tinalowa pa viza ya sukulu kapena ya ntchito kenako n'kupeza green card, nde munthu amafuna kuyankha inde, koma malangizo a fomuyo amanena okha kuti wa green card ayankhe ayi. Werengani malangizowo, ali pa fomu pomwepo, chifukwa wa pa kauntala sadzakuuzani yankho la funso lililonse, ndipo mukayankha molakwika pa mafunso amenewa ambiri amangotseka malondawo osakupatsani mpata wokonza.

Mafunso ena ndi a milandu. Ngati munapezekapo olakwa pa mlandu waukulu, ngati muli ndi mlandu waukulu ku khoti panopa, ngati khoti linakuletsani kuyandikira mkazi kapena ana, ngati munapezekapo olakwa pa kumenya mkazi olo unali mlandu waung'ono wongolipira faindi, lamulo limatseka khomo pamenepo, ndipo la kumenya mkazilo ndi la 1996. Palinso funso la chamba, ndipo fomuyo imachenjeza yokha kuti zoti state ina inachiloleza sizisintha lamulo la boma lalikulu. Kunama pa fomuyi ndi mlandu wofika zaka 10 kundende.

Mukasaina, shopu imatumiza dzina lanu ku NICS, nthambi ya FBI yofufuza mbiri ya ogula mfuti imene inayamba ntchito mu 1998, ili ku Clarksburg ku West Virginia. Mayankho ndi atatu, proceed kuti mugulitseni, delayed kuti dikirani kaye, denied kuti ayi. Nzika zambiri zimamva proceed zisanamalize n'komwe kusankha bokosi la zipolopolo, koma ife amafunsanso ku ICE, nthambi ya a immigration, kuti aone ngati mapepala ali bwino, nde delayed imatigwera kawirikawiri. Musachite mantha kapena kuyamba kukangana ndi wa pa kauntala, iye sauzidwa chifukwa chake. Lamulo limati akadutsa masiku atatu a ntchito FBI osayankha shopu ikhoza kukupatsani mfutiyo, koma silikakamiza, ndipo mashopu akuluakulu ena monga Walmart amadikira mpaka yankho lenileni libwere. Kufufuzako kumagwira ntchito masiku 30 okha, akatha muyambiranso fomu ina. Malo a Social Security number pa fomu si okakamiza koma lembani, zimathandiza kuti asakusokonezeni ndi munthu wina wa dzina lofanana. N'chifukwa chake ndikuti ngati njiwa zikutsegulidwa pa 1 September, inu mukagule July kapena koyambirira kwa August.

Mukaona ogulitsa akuuma mtima pa tizinthu ting'onoting'ono musaganize msanga kuti ndi khungu lanu. Munthu amene anapha anthu 26 mu tchalitchi cha Sutherland Springs mu November 2017 anagula mfuti yake ku Academy ya ku San Antonio, anadutsa NICS chifukwa a Air Force, kumene anagwirako usilikali, sanatumize mlandu wake wa nkhanza za m'banja, ndipo shopuyo inakokedwa m'makhoti mpaka khoti lalikulu la Texas linaiweruzira mokomera mu 2021. Mashopu onse anaphunzirapo kuti bola kuluza kasitomala kusiyana ndi kuluza laisensi, ndipo ali ndi ufulu wokana kukugulitsani osapereka chifukwa. Mukapita mukununkha mowa, mukanena nthabwala zowombera munthu, kapena mnzanu akakhala pambali panu akulozaloza mfuti n'kumakupatsirani ndalama, malonda athera pompo.

Zimenezi zikutifikitsa kwa msuweni. Funso loyamba la inde kapena ayi pa fomu ndi loti kodi ndinu amene mukugula mfutiyi yanuyanu. Mukayankha inde pamene ndalama ndi za msuweni ndipo mfuti ikupita kwa msuweni, mwanama, kuno amati straw purchase, ndipo lamulo la 2022 linaika zaka zofika 15 kwa wogulira munthu amene saloledwa kukhala ndi mfuti. Anthu amati koma m'bale wangayu si chigawenga. Mverani iyi. Bruce Abramski wa ku Virginia, amene anagwirapo upolisi, anagulira amalume ake a ku Pennsylvania pisitolo ya Glock kuti apezerepo mwayi wa mtengo wotsika wa apolisi, amalumewo anali munthu wololedwa bwinobwino kukhala ndi mfuti ndipo anamutumizira cheke cha ndalama zake, koma mu 2014 khoti lalikulu la America linati ndi wolakwa basi chifukwa ananama pa fomu. Ameneyo ndi nzika, wapolisi wakale. Inu wa green card kupezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti ndi chifukwa chokwanira chodipotedwera, kaya mwakhala zaka zingati.

Za msuweni ndiye ndi zothina kwambiri, chifukwa munthu wa viza ya sukulu saloledwa olo kungogwira mfuti kapena chipolopolo, pokhapokha akhale ndi laisensi ya ulenje yoperekedwa ndi state imene sinathe ntchito, ndi zifukwa zina zochepa zimene iye sizimukhudza. Kubwereka mfuti pa malo ophunzirira kuwombera kumawerengedwanso. Hamid Rehaif, mnyamata wa ku United Arab Emirates, anachotsedwa sukulu ku Florida Institute of Technology, viza yake n'kufa, iye n'kumakawombera ku range, anamangidwa ndipo nkhani yake inafika ku khoti lalikulu la America mu 2019. Ngati msuweni akufunadi ulenje, aphunzire maphunziro a alenje, agule laisensi m'dzina lake, afunse loya wa immigration ndi ofesi ya ophunzira akunja pa sukulu yake, kenako akadzaze fomu yekha ndi dzanja lake. Asanatero, musamupatse yanu kuti ajambulitse nayo chithunzi cha pa Facebook, ndipo ngati amagona kwanu mfuti ikhale mu loko amene iye alibe kiyi yake.

Tsopano mugule iti. Njiwa ndi agwape si ntchito ya mfuti imodzi kwenikweni. Njiwa zimafuna shotgun, imene imamwaza timipira tambiri, gwape amafuna rifle ya chipolopolo chimodzi chofika patali. Ine ndinganene kuti chaka chino gulani shotgun yokha, ya agwape mubwereke kwa anzanu akuntchitowo, inu ndinu ololedwa kubwereka, muone kaye ngati kukhala mu kakhumbi kuyambira m'bandakucha mukuzizidwa ndi chinthu chimene mungachikonde. Ambiri amagula zonse ziwiri ndi chidwi cha poyamba, chaka chamawa rifle ili mu kabati.

Pa shotgun, Maverick 88 ndi imene ndimalozera oyamba kumene, ndi ya Mossberg, imalumikizidwa ku Eagle Pass ku Texas konkuno, mtengo umakhala pakati pa madola 200 ndi 300, ndipo ndi ya pampu, mumakoka chogwirira cha kutsogolo ndi dzanja mukawomba, zoti ziwonongeke mkatimo ndi zochepa. Mukafuna kukwera pang'ono pali Mossberg 500 kapena Remington 870 imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1950. Onetsetsani kuti mukutenga ya mpope wautali wa mainchesi 26 kapena 28 yokhala ndi ma choke osinthika kunsonga, tizitsulo tolamulira mmene timipira timwazikire, chifukwa pafupi pomwepo pamapachikidwa ya mpope waufupi wa 18.5 yotetezera nyumba, ndi yotchipirapo nthawi zina koma njiwa simuigwira nayo. Muonanso ma Yildiz a ku Turkey a mipope iwiri, amene Academy imaitanitsa, ndi okongola ndithu ndipo anthu ambiri amasaka nawo, koma ndi opepuka kwambiri, ndipo mfuti ikapepuka imaponda phewa mwamphamvu, pa njiwa mumawomba kambirimbiri masana amodzi nde madzulo phewa lili bii. Pemphani kuti muiike paphewa mu shopu momwemo, wogulitsa akuonetseni kaye kuti mulibe kanthu mkati, mulozetse kumwamba kukhoma kumene kulibe munthu, chala chikhale kutali ndi trigger. Tsaya likagona pa thako diso liziona molunjika pamwamba pa mpope osachita kupinda khosi. Ndipo imene mwaigwirayo ndi yachionetsero, yanu ichokera kuseri mu bokosi, nde muitsegule muiyang'ane ngati ilibe dzimbiri kapena mng'alu musanalipire.

Chinthu chimodzi chimene oyamba amagwidwa nacho: posaka njiwa ndi abakha shotgun isathe kunyamula zipolopolo zoposa zitatu. Mumakhala kamtengo kapena kapulasitiki mkati mwa chubu cha zipolopolo kotchinga malo, amati plug. Zambiri zimabwera nako koma yesani nokha, mu chubu muzilowa ziwiri zokha, chifukwa game warden, wapolisi wa za ulenje, akafika chinthu choyamba amayesa ndi chimenecho.

Mukadzafika pa rifle, Savage Axis ndi Ruger American ndi zotchipa zimene zimalunjika bwino kuposa mmene mtengo wake ukuonekera. Zina zimabwera ndi sikopu, galasi lolunjikira patali, yomangirira kale, sikopuyo ndi yapansi koma pa mtunda wa mayadi 100 umene ambiri amawomberapo gwape kuno ikwanira. Musakhulupirire zoti inakonzedwa kale ku fakitale, amangoyerekeza, mupite nayo ku range mukaiwongole nokha pa pepala.

Zipolopolo ndiye pamene anthu amataya ndalama, ena zala. Lamulo lake ndi limodzi: werengani zimene zadindidwa pa mpope wa mfuti yanu, mugule bokosi lolembedwa zomwezo ndendende. Pa shotgun manambala amayenda chobwerera, 12 gauge ndi yaikulu kuposa 20 gauge, ndipo nambala ya timipira ikakula timipirato timakhala ting'onoting'ono, nde za njiwa ndi 7½ kapena 8, zautali wa mainchesi 2¾, bokosi la 25, zotchipa zomwezo za Winchester, Federal kapena Remington zikwanira. Tengani mabokosi angapo, njiwa zimauluka mokhotakhota ndipo tsiku loyamba muphonya mpaka kudzikayikira, malire ndi njiwa 15 patsiku koma musadandaule nawo malirewo chaka chino. Zipolopolo za 20 gauge zimakhala zachikasu ndipo n'dala. Cha 20 chikalowa mu mfuti ya 12 chimatsetsereka n'kukakakamira mkati mwa mpope, munthu amaona ngati sanaike kanthu, n'kuika cha 12 kumbuyo kwake, akawomba mpope umaphulikira m'manja. Mukamasaka ndi anzanu a mfuti zosiyana musasakanize zipolopolo m'thumba limodzi, ndipo chimene mwatola pansi musachiike mu mfuti musanachiwerenge. Utali nawonso, mfuti yolembedwa 3 inch imalandira za 2¾ ndi za 3, koma yolembedwa 2¾ yokha musaikemo za 3 olo zikulowa. Mukadzapita ku abakha, za mtovu zinaletsedwa dziko lonse kuyambira 1991, mumafunika za chitsulo, ndipo malo ena a boma amafuna za chitsulo pa njiwa zomwe, nde werengani malamulo a malowo.

Pa rifle sankhani saizi yopezeka paliponse, .308 Winchester, .30-06 Springfield, .270 Winchester, .243 Winchester kapena 6.5 Creedmoor. Amene analipo mu 2020 ndi 2021 akukumbukira mashelefu ali mbee, mashopu akugulitsa mabokosi owerengeka pa munthu, anthu akufola m'mamawa tsiku lofika lole, ndipo katundu atayamba kubwera zinayamba kuoneka ndi za saizi zotchukazi, a saizi zachilendo anadikira nthawi yaitali. Samalani ndi mayina ofanana, .270 Winchester si .270 WSM, .308 Winchester si .300 Winchester Magnum, 7mm-08 si 7mm Remington Magnum, mabokosi amakhala moyandikana ndipo wa pa thilu safunsa kuti mfuti yanu ndi iti. Bokosi lotchipitsitsa nthawi zambiri lalembedwa FMJ, mutu wake ndi wokutidwa wonse, ndi zophunzirira pa pepala, mukawombera gwape chimangoboola n'kutuluka, nyama n'kukafera kutali mutaizunza. Za ulenje ndi za nsonga yofewa zimene zimatambasuka zikalowa, Remington Core-Lokt, Winchester Power-Point, Federal Power-Shok, zonsezi ndi zapansi pa mtengo ndipo zapha agwape osawerengeka. Mtundu umene mwawongolera sikopu ndi womwewo mukasakire, kulemera kwa mutu wake, kumene amalemba m'ma grain pa bokosi, kukhale komweko, mukasintha chipolopolo chimagwa pena, choncho gulani mabokosi awiri kapena atatu ofanana pakamodzi. Muonanso Monarch, dzina la Academy lomwe, zimapangidwa kunja, zophunzirira zili bwino koma zina ndi za chikopa cha chitsulo osati mkuwa ndipo ma range ena amayesa ndi maginito n'kuzikana. Poyerekeza mitengo gawani ndi chiwerengero cha zipolopolo, bokosi lina ndi la 20 lina la 50. Ka .22 LR ndi kotchipa zedi kophunzirira kulunjika, koma ku Texas n'koletsedwa kusakira gwape.

Kuno ku Texas zipolopolo mumangosonyeza zaka n'kulipira, koma mukadzasamuka musaganize kuti ndi kulikonse, California inayamba kufufuza ogula zipolopolo mu 2019 ndipo mfuti mumadikira masiku 10, Illinois imafuna kadi yotchedwa FOID.

Pa bajeti yanu mtengo wa pa mfuti ndi chiyambi chabe. Msonkho wa 11 peresenti wa lamulo la Pittman-Robertson la 1937, umene umapita kosamalira nyama zakutchire, uli kale mkati mwa mtengo, koma wa malonda wofika 8.25 peresenti auwonjezera pa thilu. Laisensi ya ulenje ya wokhala ku Texas ndi madola 25, imayamba kugulitsidwa pa 15 August ndipo imatha pa 31 August chaka chotsatira, mukhoza kuigula ku Academy komweko. Pa njiwa muwonjezere chilolezo cha mbalame zosamukasamuka cha madola 7 ndipo muwauze akulembeni HIP, kaundula wa osaka mbalame zimenezi, ndi mafunso ochepa chabe koma ogulitsa ena amawadumpha. Ngati munabadwa pa 2 September 1971 kapena pambuyo pake mukufunika satifiketi ya maphunziro a alenje ya Texas Parks and Wildlife, akuluakulu amatha kuphunzira pa intaneti koma inu poti ndi koyamba pitani ya m'kalasi mukagwire mfuti pamaso pa mphunzitsi. Malo osakirako nawo ndi nkhani, malo opitirira 90 peresenti a Texas ali ndi eni ake, kulowa ndi mfuti mu mpanda wa munthu popanda chilolezo ndi mlandu, nde funsani anzanuwo kuti malowo ndi a ndani ndipo inu mukulipira zingati. Popanda zimenezo pali pemiti ya madola 48 yosakira pa malo a boma. Onjezani zotseka m'makutu, magalasi, chikwama cha mfuti ndi zotsukira.

Ndi kabati ya loko, musaichotse pa bajeti. Ngati muli pabanja alamu adziwe musanagule, osati adzangoona bokosi lalitali likulowa. Texas ili ndi lamulo lolanga munthu amene wasiya mfuti yodzaza mosasamala mwana wosafika zaka 17 n'kuifikira, ndipo kwathu kuno nyumba zathu mumadziwa mmene zimadzadzira ana a anzathu tikakhala ndi kaphwando. Mfuti ikhale yopanda kanthu mkati, yokhoma, zipolopolo pena. Chinanso chimene sitikonda kukamba, imfa za mfuti zopitirira theka ku America ndi za anthu odzipha okha. Moyo wa kuno umapanikiza, mashifiti awiri, ngongole, akumudzi akufuna ndalama, banja likugwedezeka, nde ngati inu kapena wina m'nyumba akudutsa nyengo yotero mfuti ikasungidwe kwina kaye, ndipo nambala ya foni ya 988 yothandiza anthu amene ali ndi maganizo odzipha ilipo usana ndi usiku. Poyenda nayo, musalowe nayo ku positi ofesi kapena nyumba za boma lalikulu monga ofesi ya immigration ya USCIS, ndipo mukapita kukasaka kummwera cha ku Laredo musawoloke kupita ku Mexico ndi galimoto imene muli olo chipolopolo chimodzi pansi pa mpando, kumeneko ndi ndende.

Malume tsopano. Kutulutsa mfuti, zipolopolo, ngakhale sikopu ya rifle kunja kwa America kukapatsa munthu kumafuna laisensi ya boma, kuyambira 2020 zambiri zili m'manja mwa Department of Commerce, ndipo kuzibisa mu sutikesi pakati pa zovala za ana ndi kuzembetsa zida. Mukadutsa pa Houston mukakumana ndi sikana ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako Kamuzu kapena Chileka, dziko lililonse ndi lamulo lake, ndipo kwathu Firearms Act imafuna chilolezo cha apolisi pa mfuti ndi pa zipolopolo zomwe. Zoti ndinaiwala sizipulumutsa munthu, mu 2024 alendo angapo a ku America anamangidwa ku Turks and Caicos chifukwa cha zipolopolo zochepa zotsalira mu zikwama zimene anapitapo nazo kosaka, pa lamulo limene linkaika zaka 12. Choncho chikwama cha ku ulenje chikhale cha ku ulenje basi, cha ulendo wa December chikhale china, ndipo jekete limene munavala ku njiwa mulipisepise m'matumba musanalilongedze.

Ngati malume ali ndi mfuti ya laisensi, muwatumizire ndalama akagule zipolopolo kwathu konko kudzera m'njira ya chilolezo chawo. Ngati alibe laisensi, zipolopolo zanuzo zingowamangitsa, ndipo ngati munda uli kufupi ndi nkhalango yotetezedwa akhoza kugweranso mu lamulo la nyama zakutchire limene analikhwimitsa mu 2017 mpaka zilango zofika zaka 30. Akadandaule ku ofesi ya Parks and Wildlife kudzera kwa amfumu kapena alangizi a zaulimi, ndipo ndalama imene mukanagulira zipolopolo ipite ku waya wa mpanda kapena kulipira anyamata olondera munda miyezi imene chimanga chikukhwima.